Mnyamata nayenso agwire mthiko

Amayi anzanga, sukulu yoyamba ya mwana wanu wamwamuna si ya ku Bembeke kapena ku Mtendere ayi, ndi pakhomo panu pomwepo. Boma linachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, koma kuphika phala ndi kuchapa matewera palibe mphunzitsi amene adzamuonetse.

Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zoposa 25, ndipo chimene chimandiwawa ndi ichi. Mayi wachira, mwina mwa opaleshoni, tamutulutsa. Sabata isanathe wasenza kale ndowa kuchokera kumjigo, m'chisanu cha June cha kuno ku Dedza, bambo ali pakhonde kuwothera dzuwa. Si nthawi zonse pamene imakhala nkhanza. Ena sadziwa ngakhale kusonkha moto. Kenako mayi uja amabwereranso kuchipatala bala litatupa, kapena akutaya magazi.

Bambo ameneyo analeredwa ndi mmodzi wa ife. M'mamawa timadzutsa mtsikana kuti asese ndi kutunga madzi, mnyamata timangomutuma ku mbuzi kapena kumunda wa kachewere. Akayandikira pamoto timamuthamangitsa.

Ndikudziwa, apongozi adzalankhula. Alankhule. Mwana wanga wachiwiri anatiphikira nsima yamibulu kangapo, tinadya ndithu osadandaula. Wa zaka 7 angathe kutsuka mbale, wa zaka 10 avundule nsima, atero n'kutsogolera korona madzulo. Pa msonkhano wa Amayi a Chikatolika mwezi uno tifunsane: kwanu mnyamata anaphika liti?