Nsapato nayo ndi chithandizo kwa mwana wovala chogwiriziza mwendo

Mwana akalandira chogwiriziza mwendo kuchipatala, makolo ambiri amaona ngati ntchito yatha. Koma pakatha miyezi iwiri kapena itatu, m'makomo ena chipangizochi mumachipeza pansi pa bedi. Mukafunsa chifukwa, mayankho ake safuna kusiyana: "Sichikulowa mu nsapato," kapena "Chikumutulutsa matuza." Maganizo anga ndi akuti nsapato ya mwana wotere tiziitenga ngati gawo la chithandizo, mofanana ndi mafizo komanso masiku a kuchipatala.

Chogwiriziza chomwe ana ambiri amavala ndi cha pulasitiki wolimba, chomwe achipatala amachitcha AFO. Chimayambira m'munsi mwa bondo, kudutsa kuseri kwa katumba ndi chidendene mpaka kunsi kwa phazi. Amapatsidwa ana omwe minofu yawo ndi yolimba kwambiri kapena yofooka, monga omwe ubongo wawo unavulala pobadwa, omwe anadwala malungo a mu ubongo, kapena obadwa ndi vuto la msana. Ntchito yake ndi kugwira kakolo kuti phazi lisagwe kapena kupindika poyenda.

Chipangizochi sichinapangidwe kuti chizigwira ntchito chokha. Kunsi kwake n'koterera, ndipo mwana akamapondera pansi popanda nsapato amagwa, pulasitikiyo n'kuperepeseka kapena kusweka. Nsapato ndiyo imapanikiza phazi kuti likhazikike mkati. Ngakhale kutalika kwa chidendene cha nsapato kuli ndi ntchito. Chikatalika kwambiri chimakankhira bondo kutsogolo, mwana n'kumayenda chonjuta. Chikakhala chafulati kuposa momwe wopanga anayezera, bondo limakankhidwira kumbuyo. Choncho tsiku lolandira chipangizo, funsani kuti chidendene chikhale chotalika bwanji.

Popita kukaunjika kapena kusitolo, nyamulani chipangizocho. Ngati n'kotheka tengani mwana yemwe. Kamtengo kapena kachingwe koyezera phazi, komwe tinazolowera pogulira ana nsapato, pano sikathandiza, chifukwa kamangoyeza kutalika. Chomwe chimavuta ndi m'lifupi komanso kuzama kwa nsapato. Makolo ambiri akaona kuti sizikulowa amalumpha masaizi awiri kapena atatu. Nsapato yotalika choncho imakoka pansi ndipo imapunthwitsa mwana yemwe kuyenda kukumuvuta kale. Nthawi zambiri kukwera saizi imodzi kumakwanira, bola nsapatoyo ikhale yotakata. Kutsogolo kwa zala kutsale mpata wa pafupifupi sentimita imodzi.

Sankhani nsapato ya zingwe kapena zomata yomwe imatseguka kwambiri, lilime lake n'kufika pafupi ndi zala. Kansalu kopondapo ka mkati kakhale kochotseka: mukakachotsa kumbali ya chipangizo mumapeza malo owonjezera. Ngati mwana amavala mwendo umodzi wokha, kumbali inayo kasiyeni, kapena onjezerani kena, kuti miyendo ifanane kutalika. Kuseri kwa nsapato kukhale kolimba ndipo soli isakhale yoterera. Ya pakaunjika muiike pamalo afulati ndi kuiyang'ana chakumbuyo. Ngati soli inadyekera mbali imodzi, isiyeni, chifukwa ipendeketsa phazi lomwe tikufuna kuwongola. Patapata ndi nsapato zosamanga sizigwira chipangizochi.

Wosoka nsapato wa pamsika angakuthandizeni kufutukula nsapato, kutalikitsa zomata kapena kung'amba pang'ono m'mbali mwa lilime. Koma chipangizo chenichenicho musachidule, musachipale, ndipo musachiwambe pamoto kuti chifewe. Chikathina chibwerere komwe chinapangidwa. Malo opangira zipangizozi alipo pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo chipatala cha boma lanu chingakutumizeni. Ana ovala zitsulo zolowa m'chidendene cha nsapato, nsapato yatsopano iliyonse iyenera kupita kumeneko kuti akaiboole moyenera.

Mkati mwa chipangizo mwana avale sokosi ya thonje, yaitali kupitirira chipangizocho, youma komanso yopanda makwinya. Madzulo aliwonse mukamuvula, yang'anani khungu pa chidendene, pa mafupa a kakolo ndi pamwamba pa phazi. Kufiira kapena kuda komwe kumatha pasanathe mphindi 30 si koopsa. Kukapitirira apo, kapena pakatuluka thuza, muvuleni ndipo pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti mwana adandaule. Ana ena obadwa ndi vuto la msana samva kuwawa m'mapazi, moti chilonda chimakula iwo akusewera. Kumbukiraninso kuti phazi likukula: zala zikayamba kupitirira pulasitiki, nthawi yoyezanso yakwana.

Ana obadwa ndi mapazi opindika nkhani yawo ndi yosiyana. Akamaliza zikhakha za njira ya Ponseti, amapatsidwa nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo. Izi amavala pafupifupi usana ndi usiku wonse kwa miyezi itatu, kenako pogona pokha mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Si zoyendera, ndipo kachitsuloko sikachotsedwa. Zikachepa mukasinthitse kukiliniki. Musazilowetse m'malo ndi za pamsika, chifukwa phazi limatha kupindikanso.

Wina anena kuti zonsezi n'zofuna ndalama, pomwe ana ambiri kumudzi amayenda opanda nsapato. N'zoona, ndipo kholo lomwe likusankha pakati pa ufa ndi nsapato sitingalinyoze. Koma taganizirani zomwe banjalo lawononga kale: thiransipoti ya maulendo a kuchipatala, masiku osapita kumunda. Zonsezo zimapita pachabe chipangizo chikasiyidwa, ndipo minofu ikafupika mwana angafunike zikhakha kapena opaleshoni. Peyala imodzi yoyenera, ngakhale ya kaunjika, imaposa mapeyala awiri okongola osalowa. Ndiye magulu a mpingo, mabanki a m'mudzi ndi onse othandiza ana olumala aike nsapato pa mndandanda womwewo wa ndodo ndi njinga.

Aphunzitsi akulu nanunso muli ndi mbali. Nsapato zakuda za yunifolomu nthawi zambiri zimakhala zothina komanso zosatseguka mokwanira. Mwana yemwe wapeza nsapato ya masewero yokwana chipangizo chake, kaya ndi yoyera kaya yofiira, asabwezedwe pageti. Kalata yochokera kuchipatala ikwanire. Ifenso achipatala tizilemba kalatayo tisanapemphedwe, ndipo tiziona mwana akuyenda ndi nsapato yake asanatuluke.

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, mukafika pakhomo musangofunsa kuti, "Kodi akuvala?" Aliyense ayankha kuti inde. Pemphani kuona nsapatoyo, muone mayi kapena bambo akumuveka, muone mwana akuyenda pabwalo, kenako muvuleni muone khungu. Chipangizo chomwe chikuvalidwa chimakhala ndi zokanda komanso fumbi. Mukachipeza chili chonyezimira ngati chatsopano, khalani pansi ndi makolowo, ndipo funso loyamba likhale la nsapato.