Masapota a Browns sanalakwe

Mukaona munthu pa Kulima Tower wavala jezi ya salaula yolembedwa Browns, mumveleni cisoni. Mu 2017 timu iyi ya ku Cleveland, ya mpila uja wa ku America wa zipewa zolimba, inasewela magemu 16 n'kuluza onse. Mu 2016 inawinako imodzi cabe. Cilango? Kulibe. Kochi Hue Jackson anakhalabe pa nchito, ndipo mu NFL timu sitsika ligi. Mu January 2018 masapota anacita pelete yonyoza timu yao, kuzungulila sitediyamu m'mphepo yoopsa. Osewela ena anakwiya, ati n'kupanda ulemu. Ulemu wa ciani? Matikiti analipila ni masapota. Nanga imwe, basi ikafela pa Great East Road, kondakita watenga kale ndalama, mumangokhala zii?