GULE NDI WA MTUNDU WAKO, LAMULO NDI LA TONSE



Masiku ano tikumva mau awiri amene akusokoneza anthu. Ena akuti, "Dziko lino nlathu ife ochuluka, ochepa akhale chete, apo ai azipita kwao." Enanso akuti, "Mtundu uli wonse uli ndi mwambo wache, tsono aupatse mpando wache m'Boma ndi lamulo lache-lache, ndipo wina asalowererepo." Ife a m'mabungwe a anchito tikuti onse awiriwa asokera. Mlandu umenewu anauweruza kale anzathu a ku migodi ya mkuwa, ndipo nkofunika kuti tikumbutsane m'mene anauweruzira.

ZIMENE ZINACHITIKA KU MIGODI

M'chaka cha 1931, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, kampani inaika akulu a mitundu. Abemba anali ndi mkulu wao, Alozi wao, Angoni wao, ndi ena onse chimodzi-modzi. Munthu akakhala ndi dandaulo ankapita kwa mkulu wa mtundu wache, ndipo mkuluyo ndiye ankalitula kwa bwana wa komponi. Poona ndi maso zinali zaulemu ndithu. Mlendo wofika kumene ankapeza pogona, ndipo mlandu wa m'banja unkaweruzidwa monga mwa mwambo wa kwao. Kodi kumeneko si kulemekeza miyambo?

Koma tsiku la mabvuto linaulula zonse. Mu 1935 anchito ananyanyala nchito chifukwa cha kukwera kwa msonkho, ndipo apolisi anapha anthu 6 ku Luanshya. Pa masiku amenewo anchito sanamvere akulu a mitundu aja, pakuti anawaona ngati maso ndi makutu a kampani. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo anthu 17 anafa ndi zipolopolo ku Nkana. Apo anazindikira kuti mwala ukagwa pansi pa mgodi sufunsa ngati ndiwe Phiri kapena Mulenga, ndi kuti tikiti ya malipiro imachepa mofanana m'dzanja la Mlozi ndi la Mngoni. Mu 1949 anapanga bungwe limodzi la anchito akuda a m'migodi yonse, Lawrence Katilungu nakhala mtsogoleri wache. Mu March 1953 anaponya voti, ndipo pafupi-fupi onse anati akulu a mitundu athe.

Tsono taonani chimene chinatsatira. Atathetsa akulu a mitundu, Mbemba sanaleke kukhala Mbemba. Lamulungu Abisa ankabvinabe kalela wao, anthu a kumudzi kumodzi ankasonkheranabe pa maliro, ndipo ali yense ankayankhula chiyankhulo cha amai ache. Chimene anakana nchakuti mtundu wa munthu ukhale khomo lolowera pokambirana za malipiro. Anaika malire pamenepo, ndipo ife tikuti anaika bwino.

UBWENZI WA CHITAGANYA

M'chaka chomwecho cha 1953, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, ndipo eni ache anachikometsa ndi mau akuti partnership, ndiye kuti ubwenzi wa mitundu. Anati Mzungu, Mmwenye ndi munthu wakuda ali yense adzakhala ndi gawo lache. Nanga gawolo linali lotani? M'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya munali mipando 35. Anthu akuda, amene anapitirira 6,000,000, anapatsidwa mipando 6, ndipo Azungu atatu anaikidwa kuti aziyankhulira anthu akuda. Awa anali akulu a mitundu omwe aja, atangobvala jekete. Boma likayamba kugawa anthu m'makola, wogawayo ndiye amasankha khola lokhala ndi msipu. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, koma nzeru yogawa anthu m'makola sinafe nacho.

MBUNA YINA

Maufulu atabwera, maboma a anthu akuda anagwera m'mbuna ya tsidya lina. Anati umodzi ndiye kuti onse afanane, ndipo wosiyana ndi mdani.

Ku Malawi Mboni za Yehova zinakana kugula khadi la chipani. Mu 1967 mpingo wao unaletsedwa, ndipo mu 1972 anthu zikwi-zikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atawaotchera nyumba ndi kuwachotsa nchito. Chiletsocho chinatha mu 1993. Kodi anthu amenewa anaba chiani? Anapha yani? Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto anatumizidwa kwao ngati katundu wobwezedwa ku sitolo. M'zaka za ma 1970 Amwenye anauzidwa kutseka masitolo a kumidzi ndi kupita m'mizinda, ndipo masitolo ambiri anangotsala mabwinja.

Musaganize kuti wochuluka ndi wochuluka pali ponse. Mchewa amene ali mwini mudzi ku Dowa ndi mlendo ku Harare ndi ku Johannesburg. Ku Zimbabwe lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anthu obadwira m'mafamu ndi m'migodi momwemo, osadziwa ndi njira ya kwa agogo ao yomwe. Malamulo akulu a 2013 anathandiza kukonza cholakwacho, nawerenganso Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zobvomerezeka za dzikolo. Ku South Africa, mu May 2008, chipolowe chosaka alendo chinayambira ku Alexandra nichipha anthu 62, ndipo ena mwa akufawo anali mbadwa za South Africa zeni-zeni. Moto wosaka mlendo suwerenga chitupa. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

MALIRE ALI PATI?

Ife tiyesa ndi muyeso umodzi: kodi mwambowu ukupweteka yani?

Mwana wa Chirasta akalowa m'kalasi ndi tsitsi lache losameta, wapweteka yani? Palibe. Nchifukwa chache tikuyamika Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba, limene mu May 2023 linalamula kuti ana otere alandiridwe m'sukulu za Boma. Mtsikana wa Chisilamu akafunda kumutu, walanda chiani kwa mnzache wa Chikhristu? Palibe, ndipo atsogoleri a zipembedzo ku Malawi anachita bwino kugwirizana za nkhani imeneyi mu 2021. Munthu wokana khadi, wopemphera Loweruka, wosadya nkhumba, wobvina gule wamkulu kapena ingoma, msiyeni. Kumlekerera si chifundo chanu ai. Ndi ufulu wache, wolembedwa m'ndime 20 ndi 26 za Malamulo Akulu a Malawi.

Koma mwana wa zaka 13 akatulutsidwa m'sukulu kuti akwatiwe, pali wopwetekedwa, ndipo dzina lache tikulidziwa. Mai wamasiye akalandidwa nyumba ndi ziwiya, pali wopwetekedwa. Apo mau akuti "ndi mwambo wathu" sagwira nchito, kaya awanene ochuluka kaya ochepa. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inachita bwino mu 2017 pokhazikitsa kuti ukwati uyambire zaka 18. Ndipo asatinamize kuti zimenezi nza Azungu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazana-mazana iri pa mpando wa makolo, ndipo Angoni sanathe. M'kati mwa mtundu uli wonse muli ochepa enanso, ndiwo ana, akazi ndi amphawi. Mukapatsa akulu a mtundu lamulo lao-lao, ameneŵa mwawasiya m'manja mwa yani?

Wina adzati, "Popanda mipando yosungidwira mitundu, kodi mtundu waung'ono sudzamezedwa?" Mantha amenewa ngomveka, ndipo sitiwanyoza. Koma mipando 6 ija sinapulumutse munthu, ndipo ana a Chirasta analowa m'sukulu opanda mpando ndi umodzi womwe m'Nyumba ya Malamulo. Chowapulumutsa chinali lamulo lonena za munthu ali yense payekha, ndi woweruza wosaopa. Chotero tipite ku Kulamba ku Mkaika, ku Umthetho ku Hora, ku Mulhako ku Chonde, tikabvine mpaka fumbi. Koma wandale akaima pa bwalo lotero nati, "Nthawi ino ndi yathu yodya," dziwani kuti bwana wa komponi wabweranso.

CHIMENE TIKUFUNA

1. Lamulo likhale limodzi, voti imodzi kwa munthu mmodzi, ndi malipiro ofanana pa nchito yofanana, kwa mbadwa ndi kwa mlendo.

2. Nchito, malo a sukulu ndi makontirakiti a Boma asaperekedwe poyang'ana mfunda, chigawo kapena mpingo wa munthu.

3. Munthu ali yense apemphere, abvale ndi kuyankhula monga afuna, malinga asapweteke mnzache.

4. Mwambo wopweteka mwana kapena mkazi uweruzidwe pa bwalo limodzi ndi milandu yina yonse.

5. Nthambi iri yonse ya bungwe la anchito ilembe mlendo m'buku lache. Mlendo wosiyidwa kunja ndiye amene bwana adzamlemba pa theka la malipiro tsiku limene inu mwanyanyala nchito.

Abale, werengani pepala ili pa msonkhano wa nthambi yanu, ndipo muliwerengerenso amene sadziwa kuwerenga. Mukatha, yang'anani amene wakhala pambali panu, mumfunse za malipiro ache musanamfunse kwao.