Madzi akadza ku Malambo, chilimba sichikwana

Ndemanga ya lero ikutitengera ku Malambo, m'boma la Mambwe, kumene mtsinje wa Luangwa umadyetsa anthu, nthawi zina n'kuwalanda zonse usiku umodzi.

Amene anali ku Mfuwe kumayambiriro kwa chaka cha 2007 sanaiwale. Luangwa anasefukira, madzi analowa m'minda, m'nyumba ndi m'maloji ogona alendo. Mtsinje wa Lupande nawonso ukakwiya m'dzinja sufunsa kuti kantemba aka n'ka yani. Eni maloji akuluakulu amaidziwa njira ya ku ofesi ya inshuwalansi. Nanga mayi wogulitsa tomato ndi kapenta pa Cropping? Nanga mnyamata amene anatenga ngongole n'kugula chigayo kwa Jumbe, kapena telala wosoka malaya a chitenge oti alendo agule?

Tikawafunsa za inshuwalansi, ambiri amati: "Ife tili ndi chilimba, tili ndi abale." Sitikunyoza. Chilimba chalipirira ana ambiri sukulu, ndipo chadzutsa malonda amene anali atagwa. Koma mphamvu yake imaoneka pamene tsoka lagwera munthu mmodzi, anzake ali chilili. Kuno kuchigwa tsoka silibwera motero. Madzi akalowa, alowera onse a m'gulu. M'chaka cha 2020, matenda a Covid-19 atatseka maulendo, alendo anasowa ku paki ya South Luangwa, ndipo woperekeza alendo, wophika, wosema ziboliboli ndi wogulitsa ndiwo analira tsiku limodzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, sichinasankhe munda. Aliyense akamira, wovuula mnzake ndani? Otsala ndi a kaloba, ndipo chiwongoladzanja chawo mukuchidziwa.

Inshuwalansi ndi chilimba chomwecho, koma chachikulu. Ndalama yochepa imene mumapereka pamwezi kapena pachaka imasonkhana ndi ya wamalonda wa ku Kitwe, wa ku Mongu, wa ku Livingstone, amene madzi a Luangwa samufika. Inu mukagwa iye amakudzutsani, osakudziwani n'komwe. Msika wa City Market ku Lusaka utapsa mu July 2017, ambiri anatsala ndi phulusa lokha, ndipo panalibe wowabwezera katundu koma kudikira chifundo.

Tinene chilungamo, anthu sakana inshuwalansi chifukwa cha umbuli. Alimi a m'ndondomeko ya FISP akhala akulipira inshuwalansi ya nyengo pamodzi ndi ndalama ya feteleza, koma angati anauzidwa bwinobwino kuti malipiro ake amawerengedwa potengera mvula imene yagwa m'dera lonse, osati poyendera munda wa munthu? Mlimi akaona chimanga chake chauma koma pafoni palibe kanthu, amati amubera. Mbiri yotere imayenda msanga kuposa njinga ya wothandizira kampani.

Choncho nawonso makampani achitepo kanthu. Mapangano olembedwa m'Chingerezi cha maloya, timalemba tating'ono ngati nyerere, sangagwire ntchito kwa Nsefu kapena kwa Msoro. Abwere afotokoze m'Chikunda ndi m'Chinyanja, alole kulipira pang'onopang'ono pafoni, ndipo tsoka likagwa alipire msanga, munthu asanagulitse mbuzi zake zonse pokwera basi kupita ku Chipata kukalondola fomu. Aganizirenso za njovu. Kuno njovu imagwetsa nkhokwe, imaboola khoma la nyumba ikanunkhiza chimanga. Pangano lotchula moto ndi akuba okha, koma osanenapo za madzi kapena nyama zakutchire, analembera anthu a kwina.

Inu a malonda ang'onoang'ono, musanapereke ngwee iliyonse funsani mafunso. Kodi madzi osefukira alimo? Katundu akawonongeka, ine ndidzayamba ndalipira zingati kampani isanaikepo yake? Ndiyenera kunena pasanathe masiku angati? Munthu amene wabwera ndi chikwama akuonetseni chilolezo cha bungwe la Pensions and Insurance Authority, limene limayang'anira makampani onsewa ndiponso kulandira madandaulo. Sungani malisiti a katundu, lembani m'kabuku zimene zili m'shopu, jambulani ndi foni, chifukwa tsiku lodandaula pakamwa pokha sipakwana. Ndipo pitani mukafunse kukali kouma, Lupande asanadzaze.