Kalata kwa Pulezidenti wa Khonsolo ya Milange: msewu si wa malole okha

Olemekezeka Bwana Pulezidenti,

Makalata obwera ku ofesi kwanu amalembedwa m'Chipwitikizi, koma iyi ndalemba m'Chichewa mwadala, kuti amayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza aimve, ndipo ngati ndanama anditsutse.

Ndayamba ndi kuthokoza. Phula la msewu wa N11 wopita ku Mocuba, lomwe linaikidwa ndi thandizo la European Union, latichotsa manyazi. Akuluakulu akukumbukira mmene malole ankagonera m'matope nthawi yadzinja, chimanga n'kumafufuma m'matumba. Komabe amene anajambula msewuwo ankaganiza za galimoto. Ife eni tauni, ambiri timayenda pansi kapena panjinga.

Taimani m'mawa pakati pa tauni ndi chipata cha pamalire cha Melosa, mtunda wa makilomita pafupifupi 3. Mudzaona mnyamata atamanga matumba atatu a chimanga panjinga, limodzi pakaliyala, lina pamwamba pake, lina atalilowetsa pakati pa felemu, ulendo wa ku Muloza ndi Limbuli ku Malawi. Sakupalasa ayi, akukankha, chifuwa chili pahandulo, thukuta kamukamu. Lole ikaimba hutala kumbuyo, iye sangapatuke msanga, poti katunduyo akumuposa kulemera. Pambali pake pali mayi wobereka mwana, dengu kumutu, ndi ana asukulu. Onsewa akulimbirana kamzere kamodzi ka m'mphepete mwa phula ndi njinga zamoto. Chimanga, nandolo ndi soya zimene zimatchukitsa Milange zimayenda pa msana wa anthu amenewa, koma njira yawoyawo alibe.

Tsono pali ena amene ndawalembera kalatayi makamaka. Tauni yathu inalawa nkhondo. Mu 1986 inagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kuthawira ku Mulanje ndi madera ena a Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera n'kupeza mabomba okwirira akuwadikira m'minda ndi m'tinjira ta kumadzi. Mu 2015 boma linalengeza kuti mabomba onse odziwika achotsedwa m'dziko muno. Tinasangalala, koma mwendo woduka sunamerenso. Amene anaponda bomba ali mnyamata lero ndi agogo, akuyendabe ndi ndodo. Onjezanipo opuwala ndi poliyo, osaona, okalamba, ndi achinyamata amene njinga zamoto zikuwathyola miyendo masiku ano. Si anthu ochepa. Ngati sitiwaona kawirikawiri pamsika, n'chifukwa choti njira inawakaniza, ndiye amangokhala pakhonde.

Za ngalande palibe angatsutse. Mvula ya kuno si yamasewera. Phiri la Tumbine linagumuka mu Januwale 1998 n'kupha anthu ambiri, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsanso mphamvu ya madzi. Ngalande zikumbidwe, zikhale zakuya. Vuto ndi kuzisiya kukamwa yasa. Mwini sitolo amangoyalapo thabwa limodzi, loterera mvula ikagwa, ndipo wamiyendo iwiri amadumpha osaganizako. Ndinaona bambo wina wa njinga ya olumala, ija yopalasa ndi manja, ataima kutsidya kwa ngalande akuitana mwana kuti akamugulire mchere m'sitolo yomwe inali pamphuno pake. Ndalama anali nayo. Kwa munthu wosaona, ngalande yomweyo ndi mbuna. Masilabu a simenti pamalo owolokera, otambalala moti njinga ya olumala n'kudutsa, sangagwetse bajeti ya khonsolo.

Lamulo lilipo kale, Bwana. Decreto 53/2008 imalamula kuti nyumba ndi malo ogwiritsidwa ntchito ndi anthu onse azimangidwa moti aulumali athe kulowa. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wawo. Chosowa ndi diso poona mapulani. Amisiri ena amaika kotsetsereka pakhomo kongofuna kuti woyendera ntchito asainire: kotsika ngati phedi, kothera pa sitepe kapena pa chitseko chokhoma. Muyezo wodziwika m'maiko ambiri ndi woti pokwera mita imodzi, kotsetserekako katalike mamita 12. Chilolezo chomangira chimatuluka m'manja mwanu. Wofuna kumanga sitolo, banki, tchalitchi kapena malo ogona alendo, musamusainire pulani yopanda polowera aliyense. Apa simufunika kudikira ndalama za azungu.

Nkhani ina ndi ya pokhala. Kumudzi bwalo la mfumu limakhala pansi pa mtengo, pamalo athyathyathya, ndipo wolemera ndi wosauka, wandodo ndi wamphamvu, onse amafikapo popanda kulipira. Tauni nayo imafuna malo otero. Panopa munthu wochokera kutali, amene wabwera kuchipatala kapena kudzatenga chitupa, akafuna kupuma pamthunzi amayenera kugula kaye chakumwa pabaraka. Wopanda ndalama amakhala pa mwala padzuwa. Tauni ikukula, mapuloti akugawidwa, ndipo kamalo kalikonse kopanda nyumba kali ndi wokakhumbira. Chonde patulani malo angapo tsopano, muwalembe m'mabuku kuti ndi a anthu onse, mubzalepo mibawa ndi mango, muikepo mabenchi a simenti ndi mpopi. Mbawa umachedwa kukula, n'zoona, ndipo mwina mthunzi wake udzapeza wina pampando wanuwo. Bzalanibe.

Pamsika wa Feira da Amizade pamakumana Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi, metikali ndi kwacha. Pamenepo ndi pomwe anthu amamva za maliro, za mtengo wa nandolo, za wachibale wa kutsidya. Msonkho wa pamsika umatoleredwa tsiku ndi tsiku. Gawo lake libwerere kwa okhomawo ngati zimbudzi zaukhondo, chimodzi chokhala ndi khomo lalikulu ndi chogwirira, komanso mipata pakati pa mabenchi yoti munthu wandodo n'kudutsa osagwetsa mulu wa tomato wa mwini.

Ndikudziwa kuti ena adzakuuzani kuti mankhwala ake ndi kuthamangitsa mavenda m'mphepete mwa msewu. Musawamvere. Mavenda amakhala pomwe ogula amadutsa, ndipo mukawathamangitsa Lolemba, Lachitatu abwerera. Khalani nawo pansi, mulembe mzere: apa ndi pa malonda, apa ndi pa oyenda pansi, apa ndi pa njinga. Ku Quelimane, likulu la chigawo chathu, njinga zonyamula anthu zili mbwee, ndipo khonsolo ya kumeneko inaziona ngati mayendedwe enieni a mzinda, osati chisokonezo. Milange ingachite chimodzimodzi, n'kuwonjeza mahampu pafupi ndi sukulu ndi msika kuti malole azichepetsa liwiro.

Pempho langa lomaliza silifuna ndalama. Mvula isanayambe, itanani a mabungwe a anthu aulumali monga ADEMO, ACAMO ndi FAMOD, pamodzi ndi atsogoleri a kabaza ndi a pamsika. Galimoto muisiye ku ofesi. Yendani nawo kuchokera pachipata cha Melosa mpaka kumsika ndi kuchipatala, iwo patsogolo, injiniya wa khonsolo pambuyo ndi kope. Paliponse pomwe aime chifukwa njira yawakanika, iye alembe. Mndandandawo muuwerenge pa Rádio Thumbine, pamodzi ndi mwezi womwe malo aliwonse adzakonzedwe, kuti ife omvera tizidzawerengera limodzi nanu.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya ku Milange