Lendi Ikukwera, Koma Denga Likudonthabe

Kuno ku Namwera nkovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake m'tauni. Ena ali ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani mu Blantyre, ena ku Mtandire ndi Chinsapo mu Lilongwe. Tikawafunsa chimene alekera kutumizira makolo awo ya sopo ndi feteleza, ambiri amayankha mofanana: lendi yatha ndalama zonse.

Zifukwa zina nzoonekeratu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, silinathe kumanga nyumba zokwanira khamu lotere. Ndiponso kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti simenti ndi malata zinakwera mtengo. Zimenezi sitikuzikana.

Koma tiyeni tifunse. Nyumba yomangidwa zaka 20 zapitazo, imene sinapakidwenso laimu, imene denga lake limadontha ndipo chimbudzi chake ndi chimodzi pa mabanja asanu, yagulidwira simenti iti kuti lendi yake ikwere? Mwini nyumba amene amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi kwa mlonda wolandira kamalipiro kamwezi, kodi amati ndalamazo azitenga kuti? Kumeneku sikutsata mitengo ai. Ndi kudyera masuku pamutu munthu wosowa kolowera.

Wolephera lendi satha kusankha malo. Amakakhala kumene ena akana, m'mbali mwa mitsinje ndi m'matherezi a mapiri. Mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mvula inagwa pa mzinda wonse, koma imfa inafika makamaka kwa osauka.

Tsono tisaloze chala ku Blantyre kokha. Ambiri mwa ife tamanga nyumba pa Namwera ndi pa boma la Mangochi ndi ndalama za abale athu ogwira ntchito ku Joni. Okhalamo ndi aphunzitsi, anamwino ndi ochita malonda pa msewu wa ku Chiponde. Kodi sitimawakwezera lendi tikangomva kuti boma lawonjeza malipiro? Pamene mwana wathu akulira ndi mwini nyumba ku Ndirande, ife tikuliritsa mwana wa mnzathu kuseri kwa nyumba yathu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kulandira lendi si kulakwa, pakuti womanga nyumba anakhetsa thukuta. Koma tigwirizane mtengo polemba, tichenjeze mnzathu miyezi ingapo tisanakweze, ndipo tiyambe takonza denga. Tikatero tidzakhala ndi pakamwa pouza boma ndi makhonsolo kuti agawe malo abwino omangapo anthu wamba.