Mfuti ya gogodela si yankho, koma ndende nayonso si sukulu

Sabata yatha ndinali kwathu ku Goliati, ndipo ndinaona chinthu chimene chandisowetsa tulo. Mkulu wina wopala matabwa, dzina sinditchula, anandilowetsa kuseri kwa shedi yake nkuvundukula chiguduli. Pansi pake panali mtengo wa mfuti, ule amautsamiritsa paphewa. Anausema ku mlombwa ndi sompho, nkuusalaza ndi tupa ndi sandipepa mpaka kuwala ngati mpando wa m'tchalitchi. Pogwira dzanja panakhala ngati anachita kundiyeza. Chitsulo chake ati abweretsa mwini wake, mlimi wa tomato amene akuba amutopetsa.

"Bambo, mukudziwa kuti izi nzomangitsa?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, chitseko ndimapala sabata yathunthu, wogula nkumalipira pang'onopang'ono mpaka mvula. Uyu walipiriratu."

Ndisanapitirire, mundimvetse. Sindikuikira kumbuyo gogodela. Mfuti yokhoma pamanja imatha kuphulikira mwini wake, ndipo chipolopolo mumdima sichifunsa ngati wabwerayo ndi mbala kapena mwana wa mnansi amene akufuna mbuzi yake. Lamulo la mfuti la 1967 limaletsa kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo pamenepo sinditsutsa. Ndinawauza mkuluwo maso ndi maso kuti mtengowo ausandutse nkhuni.

Chimene chikundiwawa nchakuti dziko lino limangomudziwa mmisiri wotere tsiku lomumanga basi. Ku America munthu amasema mtengo womwewu ndi makina m'galaja mwake, nkuikamo kamfuti ka .22, mtundu umene amaombera chandamale pa mtunda wa mamita 50 ku masewero a Olympics, anzake nkumamuombera m'manja. Sindikuti titengere zimenezo ayi. Ndikungoti manja ndi omwewo. Kusiyana nkwakuti uko luso lili ndi msika, kuno lili ndi unyolo.

Ndipo tiyeni tinene chilungamo: mfuti zimene zaliritsa Amalawi kwambiri sizinasemedwe kuseri kwa shedi. Makolo athu amatiuza za apayoniya, mmene ankayendera ndi zida zogulidwa ndi misonkho yathu, kufikira asilikali atawalanda mu December 1993 pa Operation Bwezani. Ambiri anathawira ku Mozambique, zida zina nkupita nawo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK47 anayamba kudumpha malire ngati nsomba zouma. Nanga pa 20 July 2011? Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale, koma ndikukumbuka. Anthu 20 anafa pa zionetsero zija, ndipo wolamula dziko nthawi imeneyo anali Bingu wa Mutharika, mwana wa konkuno ku Goliati. Zipolopolo zija sizinachoke mu gogodela.

Tsono abwana, mukamajambulitsa ndi timfuti tadzimbiri timene mwalanda kwa alimi, musamaiwale kufunsa chifukwa chake mlimi akufuna mfuti. Kuno ku Thyolo tiyi anatenga malo abwino kuyambira nthawi ya thangata. Munthu watsala ndi kadimba kongokwana mphasa zingapo, ndipo tomato wa m'menemo ndiye fizi ya ana, ndiye feteleza, ndiye bokosi la maliro. Akuba akakolola usiku umodzi, chaka chatha. Akadandaule kuti?

Anzathu a ku Mozambique, amene anaona nkhondo yeniyeni, anatiposa nzeru. Mu 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Wobweza mfuti sankafunsidwa mafunso. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa, ndipo amisiri anazidula nkuwotcherera zosemasema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo unakafika mpaka ku British Museum ku London. Ife tikudikira chiyani, nkhondo kaye?

Chondiseketsa, ngakhale nchomvetsa chisoni, ndi ichi: pa Ndata pompa pali yunivesite ya sayansi ndi luso, MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Kuchoka pa shedi ya mkulu uja ndi ulendo wa kabaza. Ine amene ndinalawako yunivesite nkuisiya panjira sinditha ngakhale kukhoma msomali osaupinda, koma pepala langa la MSCE linanditsegulira chipata. Iye amene amayeza ndi diso osaphonya analekezera Sitandade 6, ndiye kwake nkuonera nyumbazo patali.

Aphungu athu a ku Thyolo, m'malo mogawa ma T-shirt pa misonkhano, kamenyereni nkhondo kuti madesiki a sukulu za boma lino azipalidwa ndi amisiri a konkuno, ndipo azilipidwa nthawi yake. Limbikitsani kuti pakhale mwezi woti aliyense abweze mfuti popanda kumangidwa. Ana ambiri kuno akuphunzira atakhala pansi, pamene munthu wodziwa kupala desiki akusema mtengo wa mfuti.

Pochoka, mkulu uja anavundikiranso chiguduli chija. Sanandilonjeze kanthu.